Kamphira Kamodzi, Giyabokosi Yonse Pansi: Sayansi ya Seal Yakutsogolo

Pansi pa galimoto yomwe yagona malo amodzi usiku wonse pamapezeka madontho nthawi zina, ndipo mtundu wa madonthowo umanena zambiri. Akakhala madzi oyera, kawirikawiri achokera ku makina oziziritsa mpweya m'galimoto, palibe chodetsa nkhawa. Akakhala akuda bii, ameneyo ndi oyilo wa injini. Koma akakhala ofiira, amadzimadzi, ndipo akugwera pomwe injini imalumikizana ndi giyabokosi, mwini galimoto asagone tulo. Nthawi zambiri wolakwa amakhala kamphira kozungulira ngati chibangiri, kosaposa chikhatho chanu, komwe amakaniko amati seal yakutsogolo.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa magalimoto ang'onoang'ono ambiri omwe adzaza misewu ya ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu ndi a otomatiki, ogulidwa ku Japan atayendako kale. Ma Toyota Vitz, Passo, Corolla, ngakhale ma Sienta omwe timakwera ngati takisi aja, ambiri alibe klatchi yoponda ndi mwendo. Ndiye lero ndikufuna tiyende limodzi, kuchokera pa dontho lofiira lija mpaka pomwe makaniko akumanga bawuti lomaliza. Sindikuti mukamaliza kuwerenga mukatsitse giyabokosi ya amalume, ayi ndithu. Ndikufuna muone kuti fizikisi ndi kemisitiri ya m'kalasi ija ndi yomwe imasiyanitsa ntchito yokhalitsa ndi ntchito yobwereza pakatha mwezi.

Oyilo wofiirayu ntchito yake n'chiyani?

M'giyabokosi yosintha ndi dzanja, oyilo ntchito yake yaikulu ndi kuteteza mano a magiya kuti asadyane. M'giyabokosi ya otomatiki, oyilo yemwe amadziwika ndi zilembo zoti ATF ali ndi ntchito zinayi. Amanyamula mphamvu kuchokera ku injini kupita ku magiya. Amakankha maklatchi a m'kati omwe amasankha giya. Amaterereza zitsulo zomwe zimakhudzana. Amachotsanso kutentha n'kukakusiya ku kachipangizo koziziritsira, komwe m'magalimoto ambiri kali m'kati mwa radiyeta. Kufiira kuja si kwachibadwa. Opanga amathiramo utoto dala kuti munthu asamusokoneze ndi oyilo wa injini. Akakalamba amasanduka wabulauni, ndipo akapsa amamveka fungo lopserera.

Ntchito yachiwiri ija, yokankha maklatchi, yagona pa lamulo la Blaise Pascal, katswiri wa ku France yemwe anakhala ndi moyo kuyambira 1623 mpaka 1662. Lamuloli likuti ukapanikiza zamadzimadzi zomwe zatsekeredwa, kupanikizako kumafalikira mofanana mbali zonse. Mutha kuyesa ku labu ya kusukulu. Tengani masirinji awiri opanda singano, muwalumikize ndi kapayipi, mudzaze madzi. Mukakankha imodzi, inayo imatuluka nthawi yomweyo. Kenako lowetsanimo mpweya pang'ono muyesenso. Muona kuti mukukankha koma inayo ikuchedwa kuyankha, chifukwa mpweya umafinyika pomwe madzi safinyika.

Apa ndiye pali kuopsa kwa kudontha. Oyilo akachepa, pampu ya m'giyabokosi imayamba kumeza mpweya. Pulesha imatsika, maklatchi sagwira molimba, amayamba kutsetsereka. Dalaivala amamva injini ikulira kwambiri koma galimoto osathamanga, kapena akaika pa D imatenga nthawi kuti inyamuke. Kutsetserekako kumabala kutentha, kutenthako kumaotcha maklatchi, ndipo mapeto ake ndi kugula giyabokosi ina. Kamphira kotchipa, koma kakanyalanyazidwa kamapha chipangizo chimodzi mwa zodula kwambiri pa galimoto.

Mafani awiri oyang'anizana

Kuti timvetse pomwe seal imakhala, tiyambe tadziwa chinthu chotchedwa torque converter. Pofupikitsa ndizingoti converter. Chimaoneka ngati donasi lalikulu lachitsulo, lodzaza ndi oyilo, ndipo chimakhala pakati pa injini ndi giyabokosi.

Ikani mafani awiri moyang'anizana. Yatsani imodzi, inayo muisiye yozimitsa. Posakhalitsa yozimitsayo iyamba kuzungulira chifukwa cha mphepo ya inzake. Mukaigwira ndi dzanja iima, koma yoyatsayo ipitirizabe. Converter imagwira ntchito chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa mphepo muli oyilo. Fani yoyamba, yotchedwa impeller, imazunguliridwa ndi injini ndipo imaponya oyilo. Yachiwiri, turbine, imalandira oyiloyo n'kuzunguliza shafti yolowa m'giyabokosi. N'chifukwa chake galimoto ya otomatiki imatha kuima pa maloboti ili m'giya injini osazima. Mabuleki agwira fani yachiwiri, yoyamba ikungozungulira.

Pakati pa awiriwa pali kachitatu, stator, komwe kamakhotetsa oyilo wobwerera kuti athandize impeller m'malo molimbana nayo. Kameneka ndi komwe kamachulukitsa mphamvu yozunguliza pafupifupi kawiri galimoto ikamanyamuka. Nzeru imeneyi siinayambire pa galimoto. Injiniya wa ku Germany, Hermann Föttinger, anailembetsa mu 1905 pofuna kuthandiza sitima zapamadzi, ndipo mu 1948 kampani ya Buick ku America inaiika m'magalimoto ake m'giyabokosi yotchedwa Dynaflow.

Tsopano gwirani mfundo iyi. Kutsogolo, converter imamangidwa ndi mabawuti ku mbale yachitsulo yopyapyala yotchedwa flexplate, yomwe ili pa injini. Kumbuyo ili ndi khosi losalala lomwe limalowa m'giyabokosi n'kukazunguliza pampu ya oyilo. Choncho injini ikangolira, khosilo likuzungulira, ngakhale giya ili pa P. Khosi likuzungulira, bokosi laima, ndipo m'bokosimo muli oyilo wofuna potulukira. Nanga bowo lomwe muli chitsulo chozungulira ungalitseke bwanji?

Chitseko chomwe sichitseka kwenikweni

Yankho ndi seal ija. Mukaigwira m'manja muona zigawo zitatu. Kunja kuli mkombero wachitsulo womwe umakhomeredwa m'bowo la pampu ndipo susuntha. M'kati muli mlomo wamphira womwe umakumbatira khosi la converter. Kuseri kwa mlomowo kuli kasipuling'i kopyapyala kozungulira, komwe kamaufinya kuti usasiye khosi. Zina zimakhala ndi mlomo wachiwiri wakunja wotchinga fumbi. Mlomo waukulu umayang'ana kumene kuli oyilo, kotero kuti oyilo akamakankha, amaukanikizira pa khosi m'malo mowutsegula. Mukaitembenuza, oyilo yemweyo amaunyamula mlomo n'kutuluka.

Chodabwitsa n'chakuti seal yabwino sikhudza chitsulo mwachindunji. Pakati pa mlomo ndi khosi pamakhala kansalu ka oyilo kopyapyala kwambiri, kochindikala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi lanu ndi lonenepa kuposa pamenepo kambirimbiri. Mlomo umayandama pa kansaluka. Pamwamba pa mphira pali timabampu tosaoneka ndi maso, ndipo khosi likamazungulira timabamputi timapindika n'kumakankhira oyilo m'kati, ngati kapampu kakang'onong'ono. Opanga ena amaonjezera timizere topendekera pa mlomo kuti tithandize ntchito yomweyi. Ndiye seal sikuti imangotchinga ngati chivundikiro cha botolo. Imalola oyilo pang'ono kuti afike pansi pa mlomo, kenako n'kumubweza.

Bwanji osangoifinya kwambiri kuti pasadutse kanthu? Tiyeni tiwerengere. Tiyerekeze kuti khosi ndi lotambalala masentimita 4. Kuzungulira kwake ndi 3.14 kuchulukitsa ndi 4, zomwe zikutipatsa masentimita 12.6. Injini ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, ndiye kuti ndi maulendo 50 pa sekondi. 50 kuchulukitsa ndi 12.6 ndi masentimita 630, kapena kuti mamita 6.3 pa sekondi. Pa ola limodzi, chitsulo chomwe chadutsa pansi pa mlomo uja ndi chotalika makilomita oposa 22. Maola atatu akwana makilomita 68, pafupifupi mtunda wochokera ku Blantyre kukafika ku Zomba. Tangoganizani kukhuta labala yofufutira pa chitsulo chouma mtunda wonsewo. Ingathe musanafike n'komwe ku Njuli. Kansalu ka oyilo kaja ndi komwe kamapangitsa seal kukhala zaka.

Seal za mtundu umenewu zinayamba ndi chikopa. Walther Simmer anakonza seal yotere ku kampani ya Freudenberg ku Germany, yomwe ntchito yake inali yofufuta zikopa, ndipo mpaka lero ku Germany amaitcha Simmerring. Pambuyo pake chikopa chinalowedwa m'malo ndi mphira wopanga m'fakitale.

N'chiyani chimaipha?

Chilichonse chomwe chasokoneza kansalu ka oyilo kaja, kapena kukumbatira kwa mlomo, chimayambitsa kudontha. Zifukwa zazikulu ndi izi.

Kutentha ndi ukalamba. Mphira ndi polima, kutanthauza timaunyolo titalititali ta mamolekyu tomwe timatambasuka n'kubwerera. Kutentha ndi okosijeni zimachititsa timaunyoloti kumangana mopitirira muyeso, mphira n'kuuma gwa. Mwaonapo mphira wa legeni wosiyidwa padzuwa, mmene umaumira n'kumang'aluka? N'zomwezo. ATF amagwira bwino ntchito pa madigiri a pakati pa 80 ndi 95. Mphira wa mtundu wa nitrile umayamba kuonongeka msanga kutentha kukapitirira madigiri 100 mpaka 120, pomwe wa mtundu wa Viton umapirira mpaka cha m'ma 200. Kutenthako kumachokera kuti? Kwambiri ku converter. Impeller ikamathamanga kuposa turbine, mphamvu yotsalayo sisowa, imasanduka kutentha, monga lamulo la kusungika kwa mphamvu likunenera. Galimoto ya anthu asanu ndi awiri ikanyamula khumi ndi matumba a chimanga n'kumakwera zitunda za Khwekhwelere kapena Chiweta, oyilo amatentha koopsa, ndipo seal imakalamba tsiku lomwelo kuposa mmene ikanakalambira pa miyezi.

Bushu yakutha. Kuseri kwa seal kuli mkombero wachitsulo chofewa wotchedwa bushu, womwe umagwira khosi kuti lizizungulira pakatikati. Bushu ikatha, khosi limagwedera. Mlomo wamphira sungathe kutsatira kugwederako maulendo 50 pa sekondi, ndiye mpata umatseguka. Apa seal siinalakwe, yangokhala mthenga wa vuto la mnzake.

Mzere pa khosi. Zimamveka zachilendo kuti mphira ungadye chitsulo, koma zimachitika. Tinyenyeswa ndi fumbi zimakanirira pa mlomo n'kumakanda malo amodzimodzi kwa zaka, monga chingwe chotungira madzi chimasiyira ngalande pa mtengo wa pachitsime. Seal yatsopano ikakhala pa mzere wakale, oyilo amadutsa pansi pake.

Pulesha kuseri kwa seal. Pakati pa bushu ndi seal pali kabowo kobwezera oyilo pansi. Kakatsekeka ndi zinyalala, oyilo amasowa kolowera n'kukankha seal, nthawi zina mpaka kuitulutsa m'malo mwake. Pamwamba pa giyabokosi palinso kopumira. Mpweya wa m'kati ukatentha umafufuma, ndipo kopumirako kakatsekeka ndi matope, umatulukira pofooka. Kuthira oyilo wopitirira muyeso nako kumabweretsa thovu ndi kudontha.

Kuika molakwika. Seal yopendekeka, yokandika pokhoma, kapena yoikidwa youma, imafa msanga.

Mwaona tsono chifukwa chomwe ndikuti kusintha seal kokha sikokwanira? Makaniko wabwino amafunsa kaye kuti chaipha n'chiyani.

Tsimikizani musanamasule

Kutsitsa giyabokosi ndi ntchito ya maola ambiri, mwina tsiku lonse, ndiye n'kupanda nzeru kuyamba mongoganizira. Pamalo omwewo pamatha kudonthanso seal yakumbuyo kwa injini, ndipo onse awiri amatulukira pansi pa chigoba chomwe chimaphimba converter. Njira yosavuta ndi yasayansi ndithu. Tsukani malo onse aume, ikani pepala loyera pansi, lizani injini, kenako onani mtundu wa dontho n'kulifanizira ndi oyilo wa pa ndodo zoyezera ziwiri, ya injini ndi ya giyabokosi. Kumbukiraninso kuti oyilo amatsikira pansi ndipo mphepo ya paulendo imamukankhira kumbuyo. Pomwe akugwera sipomwe wachokera. Payipi yopita ku radiyeta ikhoza kudontha pamwamba, oyilo n'kuyenderera mpaka pansi n'kunamizira seal. Magaraja ena amathira utoto wowala ndi nyali yapadera kuti alondole njira yake. Chizindikiro china n'chakuti seal yakutsogolo imadontha kwambiri injini ikamalira, chifukwa ndi pomwe pampu ikugwira ntchito.

Ntchito yeniyeni

Magalimoto amasiyana, ndipo buku la wopanga ndi lomwe lili ndi mawu omaliza. Koma ndondomeko yake imayenda motere.

1. Chitetezo choyamba. Makaniko amachotsa waya wa batire, n'kukweza galimoto pamalo athyathyathya olimba, n'kuikhazika pa miyendo yachitsulo yopangidwira ntchitoyo. Jeke ndi yokwezera basi, siyogonera pansi pake. Njerwa nazo zimaphwanyika mosachenjeza. Apa palibe zokambirana, galimoto ikagwera munthu palibe kubwereza.

2. Amakhetsa oyilo m'chotengera choyera n'kumuyang'ana. Ngati muli tizitsulo tonyezimira kapena fungo lopserera, ndiye kuti vuto lapitirira seal.

3. Amamasula zonse zomwe zagwira giyabokosi: mashafti opita ku matayala, mapayipi a oyilo, mawaya, chingwe chosinthira giya ndi sitata. Wanzeru amalemba kapena kujambula pa foni pomwe chilichonse chachoka.

4. Amamasula mabawuti omanga converter ku flexplate. Amawafikira pa kawindo kakang'ono, limodzilimodzi, akuzunguliza injini ndi sipanala.

5. Amachirikiza injini kuti isalendewere, n'kuika jeke yapadera pansi pa giyabokosi. Ngakhale ya galimoto yaing'ono imalemera kuposa thumba la simenti la makilogalamu 50, ndipo ilibe pogwira pabwino. Si ntchito ya munthu mmodzi.

6. Amamasula mabawuti a chigoba n'kukokera giyabokosi kumbuyo molunjika. Converter iyenera kutuluka limodzi ndi giyabokosi, osati kutsalira pa injini.

7. Giyabokosi ili pansi, amasolola converter ndi manja awiri. Imatha kulemera makilogalamu 10 kapena kuposerapo ndipo imakhala ndi oyilo wambiri m'kati. Ikangochoka, seal ija ili poyera, yakuyang'anani.

Kuchotsa seal yakale kumatenga mphindi zochepa, koma pamafunika dzanja lofatsa. Bokosi la pampu m'magalimoto ambiri lili ndi mbali za aluminiyamu, chitsulo chofewa. Mukalikanda ndi sikuludiraiva, oyilo apeza njira kunja kwa seal yatsopano, ndipo pamenepo palibe mphira ungathandize.

Kenako pamabwera gawo lomwe othamanga amalidumpha, kufufuza. Makaniko amayendetsa chikhadabo pa khosi la converter. Chikakodwa pa mzere, khosilo likufunika kukonzedwa kapena converter isinthidwe. Amayang'ana bushu ngati yatha, yakandika, kapena yasuntha m'malo mwake. Amaona ngati kabowo kobwezera oyilo ndi kopumira zili zotsegula. Amayang'ana flexplate ngati yang'aluka mozungulira mabawuti. Amaonanso tizikhomo tiwiri tachitsulo tomwe timalunjikitsa giyabokosi ndi injini, chifukwa kamodzi kakasowa, converter imazungulira mopendekeka ndipo imadya bushu. Popeza giyabokosi ili pansi kale, ambiri amasinthiratu seal yakumbuyo kwa injini ngati yayamba kunyowa, kuti asadzalipire ntchito yomweyo kawiri.

Seal yatsopano amaifanizira ndi yakale kukula kwake. Amapaka ATF pa mlomo kuti kansalu kaja kakhalepo kuyambira kuzungulira koyamba, apo ayi masekondi oyamba omwewo mphira upsa. Amaiika mbali ya kasipuling'i itayang'ana m'kati, n'kuikhoma pang'onopang'ono ndi chida chozungulira chomwe chimakankha mkombero wonse nthawi imodzi. Kumenya ndi hamala mbali imodzi kumaipinda. Pomaliza amasuzumira kuti aone ngati kasipuling'i sikanadumphe pokhoma paja.

Makwerero atatu

Tafika pomwe giyabokosi zambiri zimafera m'manja mwa anthu. Kubwezera converter kumaoneka kophweka, kungolowetsa basi. Koma m'kati mwake muyenera kulumikizana zinthu zitatu zomwe simukuziona. Mano a shafti yolowa m'giyabokosi alowe mu turbine. Mano a payipi yosazungulira alowe mu stator. Ndipo khosi, lomwe kumapeto kwake kuli mipata kapena mbali zophwatalala, likole giya ya pampu.

Makaniko amathira kaye ATF mu converter kuti isayambe youma, n'kupaka wina pa khosi. Kenako amainyamula molunjika kuti isakande mlomo wa seal, n'kumaizunguliza akukankha mofatsa. Imalowa pang'ono, kwe! Azungulizanso, ilowanso. Kachitatu, yomwe ndi ya pampu, ndi yomwe imavuta, ndipo ndi yomwe ambiri amaiphonya poganiza kuti yafika kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma makutu okha sadalirika, chifukwa nthawi zina makwerero awiri amalowa pamodzi. Njira yotsimikizika ndi kuyeza. Amagoneka rula yachitsulo pakamwa pa chigoba n'kuyeza mtunda wofika pomwe pamamangidwa mabawuti a converter, n'kufanizira ndi nambala ya m'buku. Wochenjera amayezeratu asanaichotse poyamba paja, kuti akhale ndi nambala yofanizira.

Chimachitika n'chiyani ikapanda kulowa yonse? Giyabokosi imakana kukumana ndi injini, pamatsala kampata. Wosadziwa amati mabawuti amaliza okha, n'kuyamba kumanga. Apa fizikisi imamuukira. Bawuti ndi chitunda chopendekeka chokulungidwa pa ndodo, imodzi mwa makina osavuta omwe mumaphunzira aja, ndipo limasandutsa mphamvu yochepa ya dzanja kukhala kukankha kwa makilogalamu mazanamazana. Kukankha konseko kumathera pa giya ya pampu, yomwe imasweka kapena kukanirira. Injini ikalira, pulesha palibe, galimoto siyenda kutsogolo kapena kumbuyo. Munthu anabwera ndi vuto la kamphira, akubwerera ndi vuto la pampu.

Lamulo lake ndi lakuti giyabokosi ikumane ndi injini ndi manja okha, popanda mpata, bawuti lisanamangidwe. Zikakumana, converter izitha kuzungulira momasuka ndi chala, ndipo pakhale kampata ka mamilimita ochepa pakati pake ndi flexplate, koti muikokere kutsogolo pomanga. Ikakhala yothina, osapitiriza, tsitsani muyambirenso. Mabawuti onse amamangidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu, pa mlingo womwe wopanga ananena.

Kuthira oyilo ndi kuyesa

ATF sali mtundu umodzi. Pali Dexron wa General Motors, Mercon wa Ford, T-IV ndi WS a Toyota, ndi ena ambiri. Magalimoto ochuluka a ku Japan a zaka zaposachedwa ali ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, yoyendera lamba wachitsulo, yomwe imafuna oyilo wakewake. Kusiyana kwawo kwagona pa mankhwala omwe amalamulira mmene zitsulo ndi maklatchi zimagwiranirana. Kuthira wolakwika chifukwa choti nayenso ndi wofiira kuli ngati kumwa mankhwala poyang'ana mtundu wa piritsi.

M'magalimoto ambiri mlingo umayezedwa injini ikulira, oyilo atatentha, galimoto ili pamalo athyathyathya, mutadutsitsa ndodo ya giya m'malo onse mutaponda buleki. Zifukwa zake ndi ziwiri. Injini ikamalira, pampu imadzaza converter ndi mapayipi, ndiye mlingo wa pansi umatsika kufika pa weniweni. Komanso oyilo akatentha amafufuma, n'chifukwa chake ndodo zambiri zili ndi zizindikiro ziwiri, cha wozizira ndi cha wotentha. Magalimoto ena, monga a Honda ambiri, amayezedwa injini itangozimitsidwa, ndipo ena alibiretu ndodo. Pomaliza, makaniko amayendetsa galimoto mpaka itenthe, n'kuikanso pepala loyera pansi. Kuyesa komwe tinayamba nako ndi komwenso kumatsimikizira kuti ntchito yatheka.

Nanga mankhwala a m'botolo aja?

M'masitolo a zipangizo za galimoto mumapezeka timabotolo tomwe amati timaletsa kudontha. Mmene timagwirira ntchito ndi kufufumitsa ndi kufewetsa mphira. Ngati seal yangouma pang'ono, kudontha kutha kuchepa kwa kanthawi. Koma ganizirani zifukwa zisanu zija. Mankhwalawo sangabwezeretse bushu yakutha, sangafafanize mzere pa chitsulo, sangasoke mlomo wong'ambika. Komanso sasankha, amafika pa mphira uliwonse wa m'giyabokosi, ngakhale womwe unali bwinobwino. Kumangoonjezera oyilo tsiku ndi tsiku nako ndi juga. Tsiku lina mudzaiwala, ndipo ATF akadonthera pa ekizozi yotentha amatha kuyaka.

Oyilo wokhetsedwa uja asatayidwe m'ngalande kapena pansi. Sasungunuka m'madzi, amayandama n'kufalikira ngati kansalu pamwamba, n'kutchinga mpweya womwe nsomba ndi tizilombo ta m'madzi timapuma. Zotayidwa m'ngalande za m'tauni zimakathera m'mitsinje ngati Mudi ndi Lilongwe. Asungidwe m'chigubu chotseka n'kuperekedwa kwa omwe amasonkhanitsa oyilo wakutha.

Kayeseni nokha

Simukusowa galimoto kuti muone mfundo zimenezi. Masulani pampu ya njinga muone kachikopa kapena kamphira ka m'kati. Kali ngati kapu yoyang'ana komwe kuli mpweya wopanikizika, ndipo mukamapopa, mpweyawo ndi womwe umakatambasula kuti katseke. Katembenuzeni muone ngati tayala lingakhute. Kenako kapukuteni kaume, mupope, n'kukapakanso kadontho ka oyilo, mumve kusiyana kwake m'manja. A komiti ya mjigo wa kwanu akamasintha timphira ta m'kati, pemphani muonerere, ndipo mufanizire kakale ndi katsopano.

Ndikusiyirani samu imodzi. Injini ikangolira galimoto itaima, imazungulira maulendo pafupifupi 750 pa mphindi. Ndi khosi lathu la masentimita 4 lija, ndi mamita angati a chitsulo omwe adutse pansi pa mlomo wa seal pa mphindi 20 zomwe takisi yaima pa siteji kudikira kuti idzaze? Mukapeza yankho, mudziwa chifukwa chake seal imatha ngakhale galimoto isakuyenda.